Zaka za pamsika nazonso ndi ntchito, zilembeni pa CV

Kampani ikalengeza m'nyuzipepala kapena pa intaneti kuti ikufuna ogulitsa katundu, osunga sitoko kapena olandira ndalama pakauntala, ena mwa anthu amene amatumiza makalata amakhala amalonda a m'misika mwathumu. Palibe chachilendo pamenepa. Mpamba ukadyeka ndi matenda kapena maliro, katundu akakwera kooda mpaka phindu n'kusowa, kapena msika ukapsa usiku umodzi, munthu amayamba kusuzumira kwina. Ena geni ikuyenda ndithu, koma akufuna malipiro a pamwezi kuti benchi alisiyire mkazi, mwamuna kapena mng'ono wawo, pakhomo pazilowa ndalama mbali ziwiri.

Chachilendo ndi zimene amalonda ambiri amalemba pa CV. Munthu wagulitsa kaunjika zaka 7 mu Limbe, koma papepala lake pali dzina, mudzi, mfumu yaikulu, mpingo, chaka chimene adalemba MSCE, kenako zii. Zaka 7 zija sizikuoneka paliponse. Ukamufunsa, yankho lake ndi loti alembe chiyani poti sadagwirepo ntchito.

Maganizo amenewa akumanitsa anthu mwayi woitanidwa ku intaviyu. Zaka za pamsika ndi ntchito, ndipo pa maudindo ambiri okhudza kugulitsa, zakazi ndizo katundu wabwino kwambiri amene venda ali naye. Paja timati malonda ndi m'maso. Zimene mwayala pamwamba pa benchi ndizo wogula amaona. Zimene mwasiya m'thumba pansi pa benchi sazidziwa. CV nayo ndi chimodzimodzi.

Mpata wosalembedwa umakunenerani zoipa

Tiyambe ndi munthu amene amawerenga makalatawo. Ntchito ikalengezedwa m'dziko muno, makamaka yosafuna digiri, makalata amabwera mulu. Amene wapatsidwa udindo wosankha sawerenga CV iliyonse modekha ngati kalata ya m'bale wake. Amangoponyapo maso, kufuna chifukwa choiikira kumanja kapena kumanzere. CV sikulembetsani ntchito ayi. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuika pepala lanu pa kamulu kakang'ono ka anthu oti aimbiridwe foni.

Tsono akaona kuti mudamaliza Fomu 4 mu 2016 ndipo kuchokera pamenepo palibe chimene chalembedwa, sakuimbirani kuti akufunseni kumene mudali. Amadziyankha yekha. Mwina munthuyu wakhala akungodya za makolo. Mwina adachotsedwa penapake atasowetsa ndalama, ndiye akubisa. Mwina sadziwa n'komwe kudzuka m'mawa kupita kuntchito. Zonsezi akuganizira munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akudzuka 4 koloko m'bandakucha kukadikira lole ya katundu.

Chimene chimabisitsa zakazi ndi manyazi. Dzina loti venda lidadetsedwa ndi nkhani za kuthamangitsana ndi akhonsolo m'misewu, ndiye ambiri amaona ngati kulitchula pamaso pa abwana a mataye n'kudzichotsera ulemu. Koma akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kampani imene ikufuna munthu wogulitsa sopo, shuga, feteleza kapena mayunitsi ikufuna munthu amene adagulitsapo kanthu kwa anthu enieni, n'kulandira ndalama zenizeni. Munthu ameneyo ndinu.

Bwana akuopa chiyani?

Musanalembe chilichonse, dzifunseni chimene wolemba ntchitoyo akuopa. Mwini holoselo amaopa katundu wosowa m'sitoko. Mwini shopu amaopa ndalama zosakwana madzulo potseka. Kampani yotumiza ogulitsa m'maboma imaopa munthu woti akakanidwa ndi makasitomala atatu wagwa ulesi, n'kukakhala pansi pa mtengo tsiku lonse. Onsewa amaopa wantchito wojomba, wofika mochedwa ndi woyankha kasitomala mwamwano.

Ndiye onani zimene msika udakuphunzitsani. Mumadziwa kuoda: tsiku loyenera kupita, kusiyanitsa katundu wabwino ndi wogona, kunenerera mtengo mpaka ugwe. Mumadziwa kuika mtengo wogulitsira mutawerengera thiransipoti, msonkho wa khonsolo, katundu wowonongeka panjira ndi basela amene kasitomala sangachoke osapempha. Mumadziwa kubweza chenje anthu asanu akukuitanani nthawi imodzi. Mumazindikira uthenga wabodza wa pafoni wonena kuti wina watumiza ndalama molakwika ndiye mumubwezere. Mumadziwa woti n'kumukongoza ndi woti n'kumukana mwaulemu, ndiponso njira yolonjerera ngongole popanda kutaya kasitomala.

Chinanso chimene ambiri sachiwerengera ndi kupirira. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Aliyense amene amawerenga tsamba la mitengoli akukumbukira mmene katundu adalumphira kooda, moti ndalama zogulitsira za dzulo zinkalephera kuodanso katundu yemweyo lero. Ngati geni yanu idadutsa m'nyengo zimenezi osagwa, mudachita chinthu chimene anthu ena a masatifiketi sakadakwanitsa. Chaka choyambira ndi chomalizira pa CV yanu zimafotokoza zimenezi zokha kwa munthu wodziwa malonda.

Lembani ndi manambala, osati ndi matamando

Vuto la ma CV ambiri ndi mawu odzitamanda amene aliyense amalemba: wolimbikira, wokhulupirika, wodzipereka, woopa Mulungu. Mawuwa si oipa, koma palibe amene adalembapo kuti ndi waulesi kapena wakuba, ndiye sakusiyanitsani ndi wina aliyense. Chimene chimagwira maso a wowerenga ndi malo, zaka ndi kuchuluka kwa zinthu.

Tiyerekeze mayi wogulitsa zamasamba. Akalemba kuti "ndinkachita bizinesi ya tomato", wowerenga sadziwa ngati unali mulu umodzi pakhomo kapena malonda oyenda. Koma akalemba kuti kuyambira 2018 mpaka 2024 ankaoda tomato ndi anyezi ku Lizulu kawiri pa sabata n'kumagulitsa mumsika wa Kawale, ndipo ankaperekanso katundu tsiku lililonse ku malesitilanti atatu, chithunzi chasintha. Uyu ndi munthu wodziwa kukonza ulendo wa katundu wosachedwa kuwonongeka, ndiponso wosunga pangano ndi makasitomala okhazikika.

Tiyerekezenso mnyamata amene wakhala ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Asamangoti ankagwira ntchito ya pafoni. Anene kuti patsiku ankathandiza anthu angati, kuti madzulo aliwonse ankafananiza ndalama za m'manja ndi fuloti ya m'foni, ndiponso kuti wagwira zaka zingati. Kwa amene akufuna wolandira ndalama pakauntala, mzere umenewu ndi wolemera kuposa tsamba lonse la matamando. Wa kaunjika anene mabelo amene ankatsegula pamwezi ndi misika imene ankayenda. Wa kabaza wa njinga yamoto anene zaka zimene wayendetsa, madera amene amawadziwa bwino, ndi laisensi ngati ali nayo. Ngati mudali ndi anyamata kapena atsikana okuthandizani kugulitsa, tchulani chiwerengero chawo, chifukwa kumeneko ndi kuyang'anira antchito.

Simukukakamizidwa kuulula phindu lanu. Nenani kuchuluka kwa katundu, makasitomala ndi nthawi. Koma nambala iliyonse imene mwalemba ikhale yoona, yoti atakufunsani mwadzidzidzi ku intaviyu muifotokoze osachita chibwibwi. Mukalemba mabelo 20 pomwe munkatsegula awiri, wofunsa amene amaudziwa msika adzakugwirani ndi funso limodzi la mtengo wa belo.

Maudindo a pamsika nawonso alembedwe. Ngati mudakhalapo mlembi wa komiti ya msika, msungichuma wa banki m'khonde kapena wapampando wa gulu la amalonda, nenani zaka ndi chiwerengero cha mamembala. Anthu 25 akakusungitsani ndalama zawo chaka chathunthu n'kugawana mwamtendere pamapeto, umenewo ndi umboni wa kukhulupirika woposa liwu loti wokhulupirika.

Musapite kwa wotaipa chimanjamanja

Ntchito zambiri zimalengezedwa m'Chingerezi ndipo CV imayenera kukhala m'Chingerezi. Apa ndi pamene amalonda ambiri amagwera m'dzenje lina. Amapita kwa wotaipa pafupi ndi msika n'kungoti "ndipangireni CV". Wotaipayo ali nayo kale ina mu kompyuta. Amafufuta dzina la munthu wadzulo, n'kuikapo lanu, ndipo mumatuluka ndi pepala lonena kuti mumakonda kuwerenga mabuku ndi kuonera mpira, lofanana ndi mapepala ena khumi amene ali pa desiki ya bwana yemweyo.

Wotaipa sakudziwani. Ntchito yake ndi kutaipa ndi kukonza kaonekedwe ka tsamba. Nkhani ya moyo wanu ndi yanu. Khalani pansi kunyumba ndi kope, mulembe m'Chichewa chimene mwachita chaka ndi chaka, kumene munkachitira ndi kuchuluka kwake. Kenako pezani wodziwa bwino Chingerezi, kaya mphunzitsi, kaya mwana wanu amene adapita patali ndi sukulu, akumasulireni m'mawu osavuta. Akamaliza akuwerengereni mzere uliwonse n'kukuuzani tanthauzo lake. Musalole liwu limene simukulimva likhale pa CV yanu, chifukwa ku intaviyu mudzakhala nokha.

Tengani chilengezo cha ntchitoyo popita kwa womasulira. Mawu amene kampani yagwiritsa ntchito pofotokoza zimene ikufuna, monga kusunga sitoko, kusamalira makasitomala kapena kulemba malipoti a malonda, ndiwo wosankha akuwasakasaka ndi maso. Ngati mudachitadi zimenezo, zitchuleni ndi mawu omwewo. N'chifukwa chake CV imodzi siyenera kuyenda maofesi onse osasintha. Pofunsira ntchito ya m'sitoko, kuwerengera katundu kukhale patsogolo. Pofunsira ntchito yogulitsa m'maboma, patsogolo pakhale misika imene mwayenda ndi zilankhulo zimene mumayankhula. Munthu wotha Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao ndi wofunika kwa kampani yogulitsa katundu m'zigawo zonse za dziko lino, koma ambiri saganiza n'komwe zolemba zimenezi.

Kayalidwe ka tsamba

Pamwamba pakhale dzina lanu lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika ndi pa satifiketi, nambala ya foni, dera limene mukukhala, ndi imelo ngati muli nayo. Nambalayo ikhale yanu, yopezeka nthawi zonse. Anthu ataya ntchito chifukwa adalemba nambala ya mlamu wawo amene adaiwala kupereka uthenga, kapena laini imene adasiya kuigwiritsa ntchito. Imelo ikhale ya dzina lanu, osati dzina lamasewera la pa Facebook.

Pansi pake lembani mizere iwiri kapena itatu yonena kuti ndinu ndani pa ntchito: mwagulitsa chiyani, zaka zingati, kuti, ndipo mukufuna udindo wanji. Kenako pabwere ntchito zimene mwagwira, kuyambira ya posachedwa kubwerera m'mbuyo. Kwa venda amene wakhala zaka zambiri pamsika, gawo limeneli libwere maphunziro asanabwere, chifukwa ndi pamene pali mphamvu zake. Amene wangomaliza kumene sukulu ndiye angayambe ndi maphunziro.

Pa maphunziro tchulani apamwamba okha, sukulu yake ndi chaka. Ngati pa MSCE mudakhoza bwino masamu kapena Chingerezi, nenani, popeza pa ntchito za ndalama ndi makasitomala maphunziro awiriwa amayang'anidwa. Ngati mudaphunzirapo za bizinesi kwa masiku ochepa kudzera m'bungwe lina lililonse n'kulandira pepala, nalonso lilembedwe. Mbiri ya pulayimale siifunika ngati mudafika kusekondale.

Pali zina zimene zimangodya malo. Mtundu wanu, mpingo, chiwerengero cha ana, mudzi ndi mfumu sizinena kanthu za luso lanu logulitsa. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha zinthu monga mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja, ulumali ndi maganizo a ndale. Ndiye musapereke nokha zifukwa zoti munthu wa tsankho akusiyireni pambali asanakuoneni n'komwe. Chilengezo chikapempha chinthu mwachindunji, monga zaka zakubadwa kapena chithunzi, perekani. Chikapanda kupempha, malowo muikepo zimene mudachita pamsika.

Masamba awiri ndi okwanira, ndipo kwa ambiri limodzi lodzaza bwino limaposa anayi a madzi okhaokha. Zilembo zikhale zooneka bwino, popanda maluwa m'mbali kapena mitundu yambiri. Pepala lisakhale lopindika kanayi, lothimbirira mafuta a tchipisi. Mmene mwasamalirira pepala ndi mmene bwana akuganizira kuti mudzasamalirira katundu wake.

Ndani angakuchitireni umboni?

Apa ndi pamene ena amanena kuti venda alibe bwana wakale woti n'kumuchitira umboni. N'zoona, koma ali ndi anthu ena amene amaona ntchito yake tsiku ndi tsiku. Mwini holoselo amene wakhala akukupatsani katundu pa ngongole inu n'kumabweza pa nthawi yake ndi mboni yamphamvu kwambiri, chifukwa akuyankhula za ndalama zake zimene adakukhulupirirani nazo. Wapampando wa komiti ya msika, woyang'anira msika wa khonsolo, mwini lesitilanti kapena mkulu wa sukulu kumene mumaperekera katundu, onsewa ndi mboni zabwino. Abusa kapena ashehe angathe kukhala mboni yachitatu, koma asakhale okhawo, popeza sadziwa mmene mumagwirira sikelo. Achibale ayi.

Musalembe dzina la munthu musanamupemphe. Muuzeni ntchito imene mwafunsira, ndipo onetsetsani kuti nambala yake ndi yolondola. Palibe chopweteka ngati kampani kuimbira mboni yanu, iyo n'kuyankha kuti dzinalo silikubwera m'mutu.

Mapepala nawonso amachitira umboni. Malisiti a msonkho wa pamsika, malisiti a kooda, kope la ngongole, sitetimenti ya ku banki kapena ya pafoni, chiphaso cholembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN ya ku MRA ngati muli nayo, zonsezi zimatsimikizira kuti zaka zimene mwalemba si nthano. Simuzitumiza pamodzi ndi CV, koma muzikhala nazo mufailo popita ku intaviyu. Amene mudagwirapo ntchito mushopu ya munthu, dziwani kuti lamulo la Employment Act lomwe lija limati wantchito akapempha pochoka, bwana ayenera kumupatsa kalata yosonyeza udindo umene adali nawo ndi nthawi imene adagwira. Ambiri amachoka osaipempha, n'kudzaifuna bwanayo atasamuka kale.

Kwa atelala, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi amakaniko amene adaphunzira ntchito m'manja mwa mmisiri mnzawo osati m'kalasi, bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yoyesa luso lotere n'kupereka chiphaso. Kafunseni ku maofesi awo. Safunsa adadya phula.

Otsutsa akuti chiyani?

Wina anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi chifukwa makampani amafuna MSCE basi. Pali choonadi pamenepa. Chilengezo chikati MSCE ndi yofunika ndipo inu mulibe, CV yokongola singasinthe lamulo la kampaniyo. Koma taganizani: onse amene ali pa mulu uja ali nayo MSCE. Chimene chisiyanitse mmodzi ndi anzake ndi zimene wachita chimalizireni sukulu. Ndipo ntchito zambiri za m'mashopu, m'maholoselo, m'mabekale ndi m'madepoti a zakumwa zimaperekedwa ndi eni bizinesi amene amasamala kwambiri za munthu wodziwa malonda kusiyana ndi mapointi.

Chimene simuyenera kuchita ndi kugula satifiketi yabodza kapena kubwereka ya m'bale. Makampani amatha kutsimikizira masatifiketi ku MANEB, ndipo kupereka pepala lachinyengo ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Ena agwidwa atagwira kale ntchito zaka, n'kutaya ntchito, mbiri ndi ufulu tsiku limodzi. Ngati mudalekezera Fomu 3, lembani Fomu 3. Ngati mukufuna MSCE, khomo lolemba mayeso ngati wophunzira wapadera lili chitsegukire, ndipo kulemba pa CV kuti mukukonzekera mayesowo kumasonyeza munthu wosakhala pansi.

Wina anenanso kuti mabwana amaopa venda, ati adazolowera kudzilamulira, sangamvere, ndipo akapeza kampamba adzathawa kubwerera kumsika, kapena azidzagulitsa katundu wake pa nthawi ya kampani. Mantha amenewa alipodi, ndipo kubisa zaka za pamsika sikuwathetsa. Amathetsedwa ndi kalata yofunsira ntchito imene imatsagana ndi CV. M'kalatamo nenani mwachidule chifukwa chimene mukufunira ntchitoyo tsopano, ndipo ngati geni mwaisiyira wina, nenani. Munthu amene wayankha funso bwana asanalifunse amaoneka kuti alibe chobisa.

Kwa olemba ntchito nawo, mawu ndi awa: munthu amene adasungapo mpamba wake amadziwa ululu wa katundu wowonongeka. Sasiya katoni ya sopo pamvula kapena firiji yosatseka, chifukwa adaluzapo zake. Ndipo amalonda anzanga amene mwakula mpaka kulemba anyamata pashopu, musachite kwa ena zimene mumadandaula kuti makampani amakuchitirani. Mtsikana amene wagulitsa mandasi zaka zitatu padepoti n'kumalipirira abale ake sukulu ayenera kumvedwa asanakanidwe.

Potumiza, ndi akuba a panjira

Tsatirani zimene chilengezo chanena. Chikati tumizani pa imelo, tumizani pa imelo, ndipo pamutu pa uthengawo lembani dzina la udindo umene mukufunsira. Muuzeni wotaipa akusungireni CV ngati PDF kuti isasokonekere potsegula, ndipo failoyo ikhale ndi dzina lanu. Chithunzi cha CV chojambulidwa ndi foni pabedi, chala chikuoneka pakona, chimakuchotserani ulemu musanayambe n'komwe. Pemphaninso kuti akutumizireni failo yoti n'kusinthidwa pa foni kapena imelo yanu, kuti mawa musadzalipirenso kutaipitsa kuyambira pachiyambi. Musadikire tsiku lotsekera, magetsi ndi netiweki sizipangana ndi munthu.

Tumizani mafotokope okha a masatifiketi ndi ziphaso. Zenizeni zimakhala ndi inu, mumangozionetsa pa tsiku la intaviyu n'kubwerera nazo.

Ndipo chenjerani ndi anthu amene amadyera pa ulova wa anzawo. Uthenga ukabwera pa WhatsApp kapena foni yonena kuti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu, ya kuchipatala kapena ya "kuthokoza" wina wa mkati, dziwani kuti ameneyo ndi wakuba. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amuitane ku intaviyu. Inu amene simulola kasitomala kunyamula katundu chifukwa chongokuonetsani uthenga wa pafoni, musatumize mpamba wanu kwa munthu amene simudamuonepo nkhope. Pitani ku ofesi ya kampaniyo mukafunse ngati ntchitoyo ilipodi. Ntchito za kunja kwa dziko ndiye zimafuna kusamala koposa: funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu musanapereke pasipoti kapena ndalama kwa aliyense.

Mukatumiza, foni ikhale yoyaka, ndipo nambala yachilendo muziiyankha mwaulemu ngakhale muli pakati pa phokoso la msika. Intaviyu ina imayambira pa moni wa pafoni pomwepo.

Yambani ndi kope

Ngakhale amene simukufuna ntchito lero, pepala limeneli mudzalifuna. Kampani ikafuna ejenti m'dera lanu, sukulu kapena chipatala chikafuna woperekera nyemba ndi ndiwo zamasamba, bungwe lobwereketsa ndalama likafuna kudziwa mbiri ya bizinesi yanu, mafunso ake ndi omwewa: mwachita chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, zochuluka bwanji, ndipo ndani angatsimikize? Amene amalemba malonda ake tsiku ndi tsiku amayankha mosavuta. Amene amasunga zonse m'mutu amayamba kulota manambala, ndipo wofunsa amazindikira.

Choncho madzulo ano mukatha kuwerengera za lero, tsegulani tsamba latsopano m'kope lija. Lembani chaka chimene mudayamba geni, katundu woyamba, msika woyamba, ndi amene adakupatsani katundu pa ngongole koyamba. Tsikirani nazo chaka ndi chaka mpaka lero. Mukafika pansi pa tsambalo, theka la CV yanu latha, ndipo wotaipa angotsala ndi ntchito yake yotaipa.